Chimene chimakokera alendo ku Franschhoek ndi ulimi

Anthu ambiri akamakamba za Franschhoek, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, amathamangira kutchula malo odyera apamwamba ndi mahotela okwera mtengo. Ine maganizo anga ndi akuti chimene chimachititsa munthu kuyenda ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Cape Town n'chakuti tauniyi idakali ya alimi. Mlendo amadya nkhomaliro akuona mizere ya mphesa itakwera mpaka m'tsinde mwa mapiri, ndipo akafika m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amakumana ndi thirakitala pamsewu itakoka ngolo yodzaza makireti a mphesa zongothyola kumene. Vinyo amene ali m'tambula mwake ndi wochokera m'munda womwewo, ndipo nthawi zina munthu amene akumuthirira vinyoyo amatha kumulozera chigawo chenicheni cha munda chimene mphesazo zidathyoledwa. Zimenezi hotela ya mumzinda singathe kuzigula, ngakhale italemba ntchito wophika waluso bwanji.

Ulimi umenewu si wa dzulodzulo. Anthu a ku France otchedwa Huguenots, amene adathawa kwawo pozunzidwa chifukwa cha chipembedzo, adafika ku Cape mu 1688 ndipo kenako adapatsidwa malo m'chigwa cha Franschhoek, n'chifukwa chake mafamu ena ali ndi mayina achifalansa monga La Motte. Ngakhale kasitima ka Franschhoek Wine Tram, kamene kuyambira mu 2012 kamanyamula alendo kuchoka pa famu ina kupita pa ina, kamayenda pa njanji yakale imene idamangidwa kuti alimi azitumizira zokolola zawo kumsika. Oyandikana nawo a ku Stellenbosch ndiwo adayambitsa mu 1971 ndondomeko yoti alendo aziyendera mafamu n'kumalawa vinyo, ndipo nzeru yake inali yosavuta: m'malo moti mlimi azinyamula katundu kukasaka wogula, wogulayo azibwera yekha pakhomo, adye, amwe, agone, ndalama yonse n'kutsala m'deralo.

Komabe funso limene limandivuta ndi lakuti ndalamayo imatsala m'manja mwa ndani. Kwa zaka zambiri ogwira ntchito m'minda ya mphesa ku Cape ankalandira mbali ina ya malipiro awo ngati vinyo, mchitidwe umene udasiya uchidakwa m'mabanja ambiri mpaka lero. Mu 2012 ogwira ntchito m'mafamu a ku De Doorns, tauni ina ya ku Western Cape, adanyanyala ntchito chifukwa cholandira R69 pa tsiku, ndipo chaka chotsatira boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa R105. Ku Franschhoek komweko, munthu akangopatuka pang'ono pamsewu waukulu amafika ku Langrug, kumene anthu amakhala m'zisakasa za malata. Abale athu a ku Malawi amene amatsuka mbale m'makhitchini ndi kusamalira maluwa m'madera amenewa akuidziwa bwino mbali imeneyi, imene siioneka pa zithunzi za pa Instagram.

Sindikunena kuti anthu asiye kupitako, popeza alendo akachepa oyamba kuchotsedwa ntchito ndi othyola mphesa ndi operekera zakudya omwewo. Chimene ndimakonda n'chakuti munthu apite nthawi yokolola m'malo modikira chikondwerero chachifalansa cha Bastille chimene chimachitika m'tauniyi mu Julaye, agule vinyo pa famu yaing'ono, ndipo afunse mwaulemu za mmene ogwira ntchito pamenepo amakhalira. Eni mafamu amamvetsera kwambiri funso likachokera kwa munthu amene watsala pang'ono kulipira.