Ukazembe si malo okapumulirako

Boma likangosintha kwathu kuno, timamva zoti akazembe ena aitanidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo atsopano ayamba kale kulongedza zikwama. Ine ndikamva zimenezi ndimakumbukira a Salim Ahmed Salim a ku Tanzania.

Bambowa anabadwira ku Zanzibar mu 1942, ndipo mu 1964, ali ndi zaka 22 zokha, anatumizidwa ku Cairo kukakhala kazembe. Wina anena kuti nawonso anakwera ndi ndale. Sindikana. Koma taonani zimene boma la a Nyerere linachita nawo: silinawasiye panjira. Kuchoka ku Egypt anapita ku India, kenako ku China, ndipo mu 1970 anafika ku New York kukayimira dziko lawo ku United Nations, kumene anakhalako zaka khumi zathunthu. Sukulu sanaisiye ayi, anaphunzira ku yunivesite ya Delhi ku India ndi ya Columbia ku New York ntchito ili m'manja.

Zaka khumi pamalo amodzi si masewera. Munthu umadziwa amene ungamugogodere usiku voti ikavuta, umadziwa amene amalonjeza masana n'kukutembenukira madzulo. Mu 1971 a Salim anali m'gulu la amene analimbikira kuti boma la Beijing litenge mpando wa China ku United Nations, ndipo zinatheka. Amereka, amene ankatsutsa zimenezi, sanaiwale. Mu 1981, pamene Afirika inawaimika kuti akhale mlembi wamkulu wa United Nations, Amereka anawatsekereza, China nayo n'kutsekereza a Kurt Waldheim, amene anali pampandowo ndipo ankaufunanso, mpaka kuvota maulendo 16 osapezeka wopambana. Mpando unakathera kwa a Javier Pérez de Cuéllar a ku Peru.

Anagwa pamenepo, koma tangoganizani, munthu wochokera ku dziko losauka ngati lathuli kuchititsa maiko akuluakulu kukokanakokana chonchi. Pambuyo pake anakhala nduna yaikulu kwawo, kenako anatsogolera bungwe la umodzi wa maiko a mu Afirika la OAU kuyambira 1989 mpaka 2001.

Ndiye ife tikamatumiza munthu chifukwa anavina bwino pa kampeni, n'kumubweza asanadziwe ngakhale maina a akazembe anzake, tikuyembekezera kuti akatibweretsera chiyani? Mu unduna wa zakunja muli anyamata ndi atsikana amene amalemba makalata ndi malipoti chaka ndi chaka, tsitsi mpaka kuchita imvi, ndege ikunyamula ena iwo akuyang'ana.