Maso ali otsegula koma ubongo utagona

Zimene mwalembazi, zoti kusagona mokwanira kumasokoneza maganizo, ndi zoona ndithu. Ine ndimayendetsa minibasi ya Limbe–Blantyre, ndimadzuka 4 koloko m'mawa, kugona mwina 11 usiku. Pofika masana maso amayabwa ngati mwalowa mchenga, mutu umalemera, mtima umangofuna zotsekemera basi.

Tsiku lina pa Ginnery Corner ndinangodzidzimuka kondakitala akukuwa, "Adalaivala, mabuleki!" Maso anali otsegula, koma ubongo unali utagona kwa masekondi angapo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimanjenjemera, munali ana asukulu m'menemo. Masiku otero ngakhale kuwerengera ndalama madzulo ndimabwereza katatu.

Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola 7 kapena kuposa. Mabwana eni minibasi, chonde tageti ya tsiku ija muziichepetsako, madalaivala enafe tikugona maola 5 okha.