CHENJEZO: mwana wa autism sanalodzedwe, siyani kumujambula

Abale anga a mu Mzuzu muno, ine ndakula ndaona zambiri koma zomwe ndinaona Loweruka pa depoti zikundiwawabe mumtima. Kamnyamata ka zaka mwina 6 kanadzigwetsa pansi katatseka makutu ndi manja kakukuwa, mayi ake akulimbana nako katundu ali kumutu, ndiye inu akuluakulu a ndevu zanu kutulutsa mafoni kuyamba kujambula, wina mpaka kukuwa kuti bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende. Manyazi mulibe kodi?

Mayi aja ndinakhala nawo pansi. Mwanayo ali ndi autism, ndipo mahutala ndi phokoso la oitanira minibasi zimene inu mwazolowera, kwa iye zimakhala ngati akumubaya m'makutu. Si mwano, si kulera koipa. Ubongo wa mwana wotere umayamba kukula mosiyana ali m'mimba, mitsempha yake imalumikizana mwa njira ina, n'chifukwa chake amachedwa kuyankhula, ukamuitana dzina satembenuka, sakuyang'ana m'maso, amatha tsiku lonse akundandalika zitsekerero za mabotolo kapena kukupiza manja. Ena amayankhula bwinobwino sukulu n'kumakhoza, safanana onse ayi.

Gwero lake kwambiri ndi zakumtundu, zimayenda m'magazi ndipo zitha kuchokera kuchimuna kapena kuchikazi, ndiye apongozi inu amene mukuthamangitsa mtengwa kuti wabweretsa tsoka pakhomo, mukuchimwa. Kubadwa masiku asanakwane komanso kubereka makolo atakula zimaonjezerako mpata. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 ali nayo, anyamata ndi amene amapezeka nayo kwambiri, ndiye werengani nokha ana a ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa, angati amene atsekeredwa m'nyumba ena atamangidwa chingwe pamwendo ngati mbuzi poopa anthu.

Ndipo inu otumiza mavoisi pa WhatsApp kuti katemera ndi amene amayambitsa, lekani. Bodza limeneli linafala ndi dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, mu 1998, kafukufuku wakeyo anachotsedwa mu 2010 ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Mukathawitsa mwana kusikelo, chikuku sichidzakumverani chisoni.

Mankhwala ochiza autism kulibe, kaya kuchipatala kaya kwa asing'anga. Amene akukuuzani kuti bweretsani mbuzi, timuteme mphini, asale kudya masiku atatu chiwanda chituluke, akungokudyerani ndalama mwana akuvutika. Chimene chimathandiza ndi kuyamba msanga kumuphunzitsa kuyankhula kapena kuloza zithunzi, kudya ndi kuvala yekha, zochita za tsiku zizikhala m'ndondomeko imodzimodzi poti kusinthasintha kumamusokoneza. Ena amakhalanso ndi khunyu, imeneyo ndiye ili ndi mankhwala ake, osamangoyang'ana. Mwana akafika zaka 2 mawu osatuluka, musamati amalume ake anachedwanso, pitani naye ku Mzuzu Central kapena ku St John of God akamuone, makutu omwe akamuyeze.

Ndiye amene munajambula Loweruka lija, mayi aja anandiuza akulira kuti tsopano akuopa kutuluka naye mwana wawo ngakhale kupita kutchalitchi. Fufutani vidiyo imeneyo lero lomwe, ndipo amene mwailandira pa gulupu musaitumizenso kwina.