Njinga si ya umphawi, tiyeni tizikwera nayo mapiri

Abale anga a kuno ku Salima pali nkhani yomwe imandiwawa mumtima ndipo lero ndiyinena. Kwathu kuno njinga yakapalasa timayiona ngati chizindikiro cha umphawi. Munthu ukangogwira kandalama pang'ono anthu ayamba kale kufunsa kuti yamoto ugula liti, ndiye ukanena kuti Loweruka ukupalasa kulowera ku Mvera, osati kokagula chimanga kapena kokazonda matenda koma kungopalasa basi, amati mutu sukuyenda bwino, ena amvekere zimenezo nzaazungu aja amadutsa pa M5 atamangirira zikwama mbali ndi mbali aja. Ine ndikukana, sizaazungu izi. Boma lomwe mwana amaphunzira kupalasa asanafike n'komwe pachishalo, boma lomwe ukangotsika basi pa Kamuzu Road akabaza akuzungulira kale, tinganene bwanji kuti kusangalala ndi njinga ndi kwa alendo?

Vuto lathu ndi loti tinazolowera chidikha. Salima tauni, Senga Bay, Chipoka, konseku ndi kosalala, umapalasa uku ukucheza pafoni. Koma nyanja yathuyi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere pomwe Lilongwe ali cha m'ma 1,050, kutanthauza kuti pa makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14 pali chikweza choposa mamita 500 ndipo chambiri chaunjikana pamapiri a Dowa. Ukadutsa pa Kaphatenga umayamba bwinobwino, milambe uku ndi uku, minda, ng'ombe zikudutsa msewu, kenako pang'onopang'ono pedulo imayamba kulemera usanaone n'komwe kuti phiri layamba. Ukamayandikira Mvera mpamene umadziwa kuti miyendo uli nayo. Mpweya umasintha, thukuta la ku Salima lija limayamba kuzizira pamsana, ndipo ukaima pamwamba pa chitunda n'kucheuka umaona chigwa chonse chomwe wachokera chili pansi pako. Pa minibasi zimenezi suziona aise, umakhala wapanikizika pakati pa thumba la usipa ndi bondo la mnzako.

M14 yeniyeniyo si msewu wa phee ayi, makamaka Lachisanu madzulo ndi Lamlungu pomwe a ku Lilongwe akuthamangira kunyanja ndi kubwerako. Kukoma kuli m'timisewu tafumbi topatukira kumidzi. Kumeneko umatha kupalasa nthawi yaitali osakumana ndi galimoto, chomwe umamva ndi tcheni chako, mbuzi, ndi amayi akusinja. Agogo ali pakhonde amakupatsa moni usanafike n'komwe, "wawa achimwene, ulendo wakuti dzuwa lino?" ndipo ukapempha madzi amatuma mwana kukatunga a mumtsuko ozizira bwino. Anzathu a ku Nkhotakota nawo ali ndi mwayi womwewu, njira zafumbi zokwera cha ku Mwansambo kuyang'ana mapiri a Ntchisi ndi zokoma zedi nthawi yachilimwe. Koma msewu wa M18 wopita ku Kasungu uja umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota momwe a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, umenewo musauyese pa njinga chonde.

Tsono amene amandipatsa ulemu waukulu pamapiri amenewa si ovala zothina ndi magalasi akuda. Ndi bambo uja wamanga matumba atatu a makala pakaliyala, njinga yopanda magiya, akukankha chitunda chifuwa chili pahandulo, akatopa amaika mwala kuseri kwa tayala kuti njinga isabwerere, n'kupukuta nkhope ndi malaya, kenako n'kuyambanso. Nkhani ya makala ndi kutha kwa mitengo m'nkhalango ya Thuma ndi ina ndipo imandidandaulitsa, koma mphamvu za miyendo imeneyo palibe angazitsutse. Anyamata athu akabaza amanyamula munthu wamkulu ndi katundu wake tsiku lonse dzuwa lili pamutu. Ndiye muwapatse njinga yopepuka ya magiya, chakudya chokwanira ndi wowaphunzitsa, mukuganiza sangapikisane ndi aliyense? Rwanda ndi dziko lamapiri okhaokha ndipo anaikapo mtima pa masewero a njinga mpaka mu 2025 mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa muno. Ife mapiri tili nawo, miyendo tili nayo, chomwe tikusowa ndi kusiya kuchita manyazi ndi njinga.

Chimodzi chokha ndichondelere, mabuleki. Chitunda chimangotopetsa koma mtsetse umapha. Ndimaona anthu akutsika mapiri a ku Mvera ndi katundu wolemera buleki ili yakumbuyo yokha, ena alibiretu amangopondereza patapata patayala mpaka fungo la labala, ndipo pakona akakumana ndi galimoto palibe chomwe angachite. Timalabala ta buleki sitidula kuyerekeza ndi mtengo wa bokosi. Musananyamuke pitani kwa amakaniko apansi pa mtengo wa mango aja akumangireni mabuleki onse awiri, aone masipoko, athire oyilo patcheni. Tengani pampu, zigamba ndi sulushoni chifukwa minga ndi yosayamba m'njira zakumidzi, ndipo chubu chikaphulika pakati pa phiri palibe beseni lamadzi loti muonere pomwe pakutuluka thovu, mumangochiyandikiza patsaya kumvera kamphepo. Chipewa choteteza mutu ngati mungachipeze pakaunjika gulani.

Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka August, kunja kozizira, misewu youma, kungoti mwera ukamawomba ndipo mukulowera kummwera muvutika nawo. October ndi November dzuwa la ku Salima mukulidziwa nokha, nyamukani kusanache kuti pofika 9 koloko mukhale mutatembenuka. Madzi ambiri, nthochi, chinangwa chootcha kapena thobwa panjira, zakwana.

Kwa inu madalaivala a minibasi ndi mathiraki, wapanjinga nayenso ndi mwini msewu. Hutala ya pafupi ija imadzidzimutsa munthu mpaka kugwera kunja kwa phula, pomwe m'mbali mwa misewu yathu yambiri munadyeka kale mwatsala mano okhaokha. Chepetsani liwiro, mpatseni malo, simuchedwa ndi mphindi imodzi yomwe. Ndipo akuluakulu oona za misewu mukamakonza M5 kapena msewu wina uliwonse kuno kunyanja tisiyireni mbali yotakata ya phula yoti njinga zizidutsamo, chifukwa pakati pa Kaphatenga, Khombedza ndi Benga njinga ndi zomwe zikunyamula mpunga, nsomba, ana asukulu ndi odwala tsiku ndi tsiku.

Amene muli ndi njinga yabwinobwino kuno ku Salima ndipo mukufuna kuyesa phiri, tiyeni tipangane Loweruka lina tikumane pa Kaphatenga m'mamawa, atsikana ndi azimayi nanunso bwerani, tizidikirana pamwamba pa chitunda chilichonse mpaka womaliza afike.