Famu ya sola ya mudzi: aneba athu akuyendetsa bwanji?

Kuno ku Lilongwe tikati sola ambiri timaganiza za kapanelo ka padenga ndi kabatire kogula ku Malangalanga, mababu atatu ndi kutchaja foni basi. Koma pali ganizo lina lomwe ine ndimalikonda kwambiri, loti anthu a dera limodzi, kaya ku Mitundu kaya cha ku Malingunde komwe mapolo a ESCOM sanafike m'midzi yambiri, asonkherane amange famu ya sola yawoyawo, mawaya alowe nyumba ndi nyumba. Aneba athu zimenezi anayamba kale ndiye tisanathamange tiyeni tione kuti zinawathera bwanji.

Ku Zambia mafamu akuluakulu alipo, Bangweulu ya 54 MW ndi Ngonye ya 34 MW zonse zili ku Lusaka ndipo zinayamba mu 2019, koma amenewo ndi a makampani, magetsi ake amagulitsa ku ZESCO, kampani ya boma ya magetsi kumeneko, chimodzimodzi ya ku Salima ya 60 MW ndi ya ku Golomoti ya 20 MW kwathu kuno zomwe zimagulitsa ku ESCOM. Amathandiza ndithu, amene anali mu Lilongwe muno mu 2022 Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana akudziwa mdima tinauona uja, komanso anzathu a ku Zambia chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku damu la magetsi la Kariba ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Koma mayi wa kumudzi amene waya sunafike pakhomo pake, famu yayikuluyo kwa iye ndi nkhani ya pa wailesi chabe.

Yomwe ikutikhudza ife ndi ya ku Mpanta, mudzi wa asodzi m'boma la Samfya. Boma la Zambia linamanga kumeneko kafamu ka 60 kW cha m'ma 2013 n'kupereka kwa kopaletivi ya anthu a komweko kuti aziyendetsa. Zomveka bwino eti? Vuto linabwera pa ndalama. Anthu ankalipira mtengo wokhazikika pa mwezi, ambiri n'kumalephera kulipira, ndiye ndalama zotolera zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zimafunika kuti zipangizo zizikonzedwa. Ine sindikuwanyoza ayi, ifenso zikhoza kutichitikira, wotolera ndalama ndi mlamu wako, msuwani wako, mumapemphera tchalitchi chimodzi, ndiye angakudulire bwanji magetsi pomwe dzulo munali limodzi pa maliro. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti mapanelo amatha kukhala zaka zoposa 20 koma mabatire ayi, amafooka msanga, ndipo ndi amene amadya ndalama zambiri. Tsiku lomwe mabatire afa ngati ku akaunti kulibe kanthu, projekiti yathera pomwepo.

Ku Tanzania ndi kumene ine ndikuona kuti anaganiza mozama. Bungwe lawo loona za magetsi la EWURA linaika malamulo a opanga magetsi ang'onoang'ono kale kwambiri, cha m'ma 2008 ndi 2009, ife tisanayambe n'komwe kukamba za mini-grid, kutanthauza magetsi opangidwa ndi kugawidwa m'dera limodzi paokha. Ku Ludewa, kufupi ndi nyanja yathu yomweyi, kuli LUMAMA, dzinali likuchokera ku midzi ya Lupande, Mawengi ndi Madunda. Inde awo ndi magetsi a madzi osati a dzuwa, koma kayendetsedwe kake ndi kamene ndikufuna tione: eni ake ndi anthu ogwiritsa ntchito magetsiwo, amasankha atsogoleri, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa anthu olembedwa ntchito, olandira malipiro. Ndiponso anayesetsa kuti magetsiwo ayendetse zigayo ndi makina a akalipentala, osati mababu okha. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa nyumba yoyatsa mababu awiri usiku ndalama yake ndi yochepa zedi, koma wachigayo, wowotcherera, wa filiji ya zoziziritsa kukhosi amagula magetsi masana dzuwa likuswa mtengo pomwe mabatire sakuvutika.

Koma nawonso a ku Tanzania anapunthwa. Mu 2020 boma linalamula kuti ma mini-grid atsitse mitengo ifanane ndi ya TANESCO, kampani ya boma ya magetsi kumeneko, anthu anasangalala poyamba, koma makampani ngati JUMEME omwe amagawa magetsi a sola pa zilumba za nyanja ya Victoria anavutika kwambiri chifukwa mtengowo sunkakwanira kuyendetsa ntchito. Ndale zikalowa pa mtengo zimenezi ndi zomwe zimachitika.

Ku Mozambique sindichedwako, zambiri za kumudzi kwa nthawi yayitali zakhala m'manja mwa FUNAE, bungwe la boma, ndipo lamulo lotsegulira ena mpata linangobwera mu 2021. Kudikira boma kuti likuchitireni zonse, ife Amalawi tikudziwa kale mmene zimachedwera.

Kwathu kunonso sitikuyambira pa ziro. Kwa Sitolo ku Mchinji kuli ya 80 kW ya Community Energy Malawi, ku Mthembanji ku Dedza kuli ya 12 kW yomwe inayamba mu 2020 ndipo ili ndi mamita amakono, munthu amalipiriratu kenako n'kuyatsa. Onse awiri ndi malo oti kuchoka ku Lilongwe m'mawa madzulo wabwerako, ndiye komiti iliyonse yomwe ikulota za famu ya sola ipite kaye ikaone ndi maso, ikafunse mafunso ovuta aja, mabatire mudzasintha liti, ndalama yake ili kuti, amasunga ndani.

Ine ndikanakhala mu komiti yotere ndikanaumirira mita ya mayunitsi pa nyumba iliyonse, ngongole ayi ngakhale kwa amfumu amene apereka malo. Ndalama ya mabatire ikhale ku akaunti yapadera, osayinira atatu, ndipo malipoti aziwerengedwa pagulu ngati mmene amayi amachitira ku banki mkhonde. Tekinishani akhale mwana wa m'dera lomwelo wophunzitsidwa bwino ndipo azilandira malipiro, zongodzipereka zimatha pa miyezi yochepa. Komanso musanakumbe dzenje la polo loyamba pitani ku MERA mukamve za chilolezo, ndipo mulemberane pa pepala kuti MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ikadzafika m'mudzimo ndi magetsi otchipa a ESCOM, mapanelo, mawaya ndi ndalama zomwe anthu anasonkha zidzakhala za ndani.