Madokotala a ku Vienna sanali mbuli

A mlembi, mwanena kuti mbuli ndi chitsiru onse mankhwala awo ndi sukulu. Apo ndiye sindikugwirizana nanu. Mbuli ukaiuza imamva, koma zitsiru zina zili ndi madigiri.

Taonani zomwe zinachitika pa chipatala chachikulu cha ku Vienna, m'dziko la Austria, m'chaka cha 1847. Amayi ankafa ambiri akangobereka, makamaka mu wodi ya madokotala, pomwe mu wodi ya azamba imfa zinali zochepa. Madokotalawo ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukagwira amayi oyembekezera, manja akununkhabe mtembo. Pamenepo sindingawadzudzule kwambiri, poti za tizilombo toyambitsa matenda zinali zisanadziwike bwino. Kumeneko ndi kusadziwa basi.

Kenaka Ignaz Semmelweis, dokotala wa mu wodi ya madokotala ija, analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Mu Epulo, lamuloli lisanayambe, amayi pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse anamwalira mu wodi ija. Pofika Julaye chiwerengero chinatsika mpaka ochepera 2. Manambala anali patebulo, koma madokotala akuluakulu ambiri ku Ulaya anakanabe, ena chifukwa zinawawawa kumva kuti manja awo omwe ndiwo akupha. Uchitsiru ndiye umenewo.

Zoona, naye Semmelweis anali waukali pakamwa, ndipo buku lake linatuluka mochedwa, mu 1861. Koma mayi wogona pabedi uja zimenezo zinkamukhudza chiyani? Semmelweis anafera ku chipatala cha amisala mu 1865, anzake ambiri asanavomerebe.