Detroit ndi Windsor: mtsinje umodzi, koma kadulidwe ka madera a aphungu n'kosiyana

Amene munafikako ku Detroit mukudziwa kuti ukaima m'mbali mwa mtsinje umaona nyumba za Windsor tsidya linalo, ndiye Canada imeneyo, ndipo Windsor ili kumwera kwa Detroit osati kumpoto ngati mmene ambiri amaganizira. Mlamu wanga amakhala kumeneko ine mbali ino ya Michigan ku America, nde tikakumana nkhani zathu sizichoka pa ndale. Ulendo wathawu tinatsutsana mpaka usiku pa chinthu choti anthu ambiri sachiganizirako n'komwe, kuti kodi malire a dera limene umavotera amajambula ndani, nanga akamajambulapo amayang'ana chani.

Ndiyambe ndi kuno. Michigan ili ndi nyumba ziwiri za malamulo ku Lansing, ina ya aphungu 110 ina seneti ya anthu 38, seneta amakhala zaka 4 ndipo dera lake limakhala ndi anthu pafupifupi 265,000. Dera limene linandipangitsa kuyamba kutsatira zimenezi ndi District 8 mmene analidulira pa chisankho cha 2022. Linayambira kumpoto chakumadzulo kwa Detroit, n'kuoloka 8 Mile Road, kudutsa Oak Park, Ferndale, Royal Oak mpaka kukafika ku Birmingham. Kwa munthu wosadziwa malo ano awa ndi maina chabe, koma 8 Mile si msewu wamba ayi, ndi pamene mzinda wa Detroit umathera ndipo Oakland County imayambira. Mu 1950 Detroit inali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni, pa kalembera wa 2020 sanafikenso 640,000, azungu ambiri anasamukira kumpoto kwa msewu umenewu n'kusiya mzinda umene anthu ake ambiri lero ndi akuda. Birmingham ndi kwa anthu a ndalama zawo. Ndiye tangoganizani mayi wa ku Detroit amene nkhawa yake ndi bilu ya madzi, basi yochedwa ndi inshuwalansi ya galimoto yokwera mtengo, amuike dera limodzi ndi anthu amene mavuto amenewa sanawaonepo, seneta mmodzi awayankhulire onse.

Pa chisankho chachipulula cha ma Democrat mu August 2022 maseneta awiri okhala kale pampando anapezeka m'dera limodzi lomweli, a Mallory McMorrow mzungu wa ku Royal Oak ndi a Marshall Bullock munthu wakuda wa ku Detroit. Anapambana a McMorrow ndi mavoti ambiri ndithu. Ine sindikuti ndi munthu woipa ayi, amagwira ntchito, koma anthu ambiri a ku Detroit anaona kuti mawu awo asungunuka.

Chondipweteka n'choti amene anajambula mapu amenewa sanali andale. Kale ankajambula ndi aphungu eni ake, chipani chimene chili ndi mphamvu chaka cha kalembera chikudzidulira chokha. Mu 2011 anali ma Republican, ndipo mu 2014 anatenga mipando 27 pa 38, mu 2018 anatenga 22 pomwe mavoti a zipani ziwirizi ukawaphatikiza anali pafupifupi theka theka. Anthu anatopa nazo. Mtsikana wina dzina lake Katie Fahey analemba pa Facebook chisankho cha 2016 chitangotha kufunsa ngati alipo ofuna kuthetsa zimenezi, gulu la Voters Not Politicians linabadwa choncho, ndipo mu 2018 anthu 61 pa 100 alionse anavomereza kuti cholembera chilandidwe kwa andale. Anakhazikitsa komishoni ya anthu wamba 13, anayi okonda Democrat, anayi Republican, asanu opanda chipani, osankhidwa mwa maere pa anthu masauzande amene anafunsira. Zinathandiza zoona, mu 2022 ma Democrat anatenga seneti 20 kwa 18 koyamba patatha zaka pafupifupi 40, mipando inayamba kufanana ndi mavoti. Koma pa Detroit analakwitsa. Akatswiri amene anawalemba ntchito anawalangiza kuti anthu akuda asachuluke kwambiri m'dera limodzi, azikhala pakati pa 35 ndi 45 pa 100, nde kuti manambala amenewo akwane anayamba kudula Detroit m'timizere totalika tolowera kunja kwa mzinda. Mu December 2023 majaji atatu a khothi la feduro pa mlandu wa Agee v. Benson anagamula kuti madera 13 anajambulidwa potengera khungu, 6 mwa iwo a seneti, District 8 ili m'gulu momwemo, ndipo analamula kuti ajambulenso.

Tsopano tsidya lija. Mlamu wanga choyamba amaseka zoti tili ndi seneti, chigawo cha Ontario kumene kuli Windsor chilibe ndipo sichinakhalepo nayo chiyambire 1867, nyumba ndi imodzi basi ku Queen's Park ku Toronto ya aphungu 124. Zigawo zimene zinali ndi nyumba yachiwiri zinathetsa, yomaliza Quebec mu 1968. Za malire, kuyambira 1964 madera a aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Ottawa amadulidwa ndi komishoni m'chigawo chilichonse, masiku ano ya anthu atatu, wapampando amakhala jaji wosankhidwa ndi mkulu wa majaji wa chigawocho, awiri enawo amasankha sipikala. Ontario pa chisankho cha 1999 inangotengera malire omwewo pa aphungu ake nthawi ya a Mike Harris, amene anachepetsa mipando kuchoka pa 130 kufika pa 103, ngakhale kumpoto pambuyo pake anakusiya kukhale ndi madera akeake.

Pamene ine ndinagonja pa mkangano wathu ndi apa. Ku America chiyambire chigamulo cha Reynolds v. Sims mu 1964 madera a seneti ayenera kukhala ndi anthu ofanana kwambiri, ndipo chifukwa chake chinali chomveka, kale midzi ya anthu ochepa inkaposa mizinda mphamvu. Canada inatenga njira ina, chiwerengero cha anthu m'dera chikhoza kusiyana ndi cha pakatikati mpaka 25 pa 100, pena kupitirira apo pakakhala chifukwa chapadera, ndipo khothi lawo lalikulu mu 1991 pa nkhani ya ku Saskatchewan linati chofunika n'choti anthu aimiridwe mokwanira osati manambala kungofanana. N'chifukwa chake mu 2017 Ontario inapanga madera awiri atsopano kumpoto kwenikweni, limodzi ndi Kiiwetinoong, dera lalikulu zedi la anthu ongopitirira pang'ono 30,000 amene ambiri ndi eni nthaka, ndipo mu 2018 anasankha a Sol Mamakwa munthu wa kwawo komweko. Kuno zimenezo khothi silingalole. Voti ya ku Kiiwetinoong ndiyolemera kuposa ya mlamu wanga ku Windsor West, ndinamufunsa ngati sizimuwawa, iye anati midzi yambiri kumeneko umafikako pa ndege basi, phungu wa dera lotero angafanane bwanji ndi wa m'tauni.

Komabe sindinamupatse zonse. Anthu atatu osankhidwa ndi akuluakulu, mmodzi mwa osankhawo ndi wandale, ine ndimakondabe zoti munthu wamba wa ku Michigan akhoza kufunsira n'kukhala pa tebulo lojambula mapu, misonkhano yake ili poyera aliyense akuonera pa intaneti. Vuto la komishoni ya ku Michigan linali kumvera akatswiri a manambala kuposa anthu a ku Detroit amene anabwera kumisonkhano n'kuwauza maso ndi maso kuti mukutidula. Zimandikumbutsa kwathu pamene MEC inkaonjezera madera kuchoka pa 193 kufika pa 229, funso linali lomweli, tiwerenge mitu kapena tione amene amakhala limodzi, ndipo seneti yathu ija ya m'malamulo a 1994 anaichotsa mu 2001 isanakumanepo n'kamodzi komwe.

Mapu atsopano a seneti ya Michigan khothi linawavomereza mu 2024, oti agwire ntchito pa chisankho cha 2026. Ine maso anga ali pa zachipulula za madera a Detroit, ndione ngati amene atulukemo akhale anthu amene amakhaladi kumwera kwa 8 Mile.